Zala Zitasiya Kumva Mweza

Ntchito yanga pa Mbamba Bay inali ya zala ziwiri zokha, chachikulu ndi cholozera cha kudzanja lamanja. Anzanga ankakoka ukonde mpaka misana kuphwanya, ine nditakhala kutsogolo kwa boti ndi kachingwe m'manja. Analipo ena amene ankanong'onezana kuti Mmalawi uja amadya thukuta la eni dziko. Ndikamva ndinkawapatsa kachingweko n'kuwauza kuti agwire okha, tione ngati kunyumba akadyere utaka kapena chigwada. Palibe ankalandira. Kuleza mtima sindinabadwe nako, ndipo ukalamba sunandiphunzitse.

Ndifotokoze kaye za ntchitoyo, poti anthu akumtunda amaganiza kuti madzi a m'nyanja amangokhala. Ukachoka pagombe ndi injini n'kuyenda pafupifupi ola, pansi pako pamakhala phiri. Silioneka, madzi ayere bwanji. Ife timalitcha chirundu: msana wautali wa miyala umene umakwera kuchokera kozama kwenikweni n'kudzalekezera mikwamba makumi awiri pansi pa boti. Madzi a m'nyanja amayenda, ndipo kuyenda kwakeko timati mweza. Kuno amati mkondo. Mweza ukagunda chirundu umakwera ndi tizakudya tapansi, ndiye utaka umadzaunjikana pamenepo, mitu italoza kumene madzi akuchokera. Ukonde wathu unali chilimira, uja waukulu wokokedwa ndi maboti awiri. Ukauponya mbali yoyenera, mweza umautsegula wokha ngati thumba, nsomba n'kulowa. Ukauponya mbali yolakwika, mweza womwewo umautenga n'kukaukulunga pamiyala.

Mweza wapamwamba ndi wosavuta. Ponya tsamba, uone kumene likupita, basi. Koma pa chirundu madzi sayenda mogwirizana. Apamwamba akhoza kumapita kumpoto, apansi akubwerera kumwera, ndipo ukonde umamvera apansiwo chifukwa m'munsi mwake ndi mmene muli miyala yolemetsa. Apansiwo diso siliwaona. Ndinali ndi chingwe chopyapyala, mfundo pa mkwamba uliwonse, kumapeto kwake mwala wonga dzira la bakha. Ndinkautsitsa pang'onopang'ono, chingwe chikudutsa pakati pa zala ziwiri zija. Mwala ukafika pamene madzi awiriwo akukhulana, chingwe chimanjenjemera pang'ono. Ukapitirira, chimayamba kukanikiza mbali imodzi ya chala. Mbali imeneyo ndi mphamvu yake, uthenga wonse ndi womwewo. Bambo anga anandiphunzitsa kwathu ku Nkhotakota, osati ndi mawu, koma pondigwira dzanja ndi kundigogoda pamutu ndikalakwitsa.

Ku Tanzania ndinabwera ndisanakwatire, ndi katundu wa malonda amene anatha osandisiyira kanthu. Ndinapeza malo m'boti la munthu wina wa konkuno amene anali atang'ambitsa ukonde wake kawiri pa chirundu chomwecho. Tsiku lachitatu ndinamuuza kuti akuponya ngati wakhungu. M'malo mondithamangitsa, anandifunsa kuti nanga iweyo ukanaponya pati. Kuyambira pamenepo tinagwira ntchito limodzi zaka zoposa makumi atatu. Ndinakwatira mlongo wake, ndipo anandipatsa malo kuseri kwa nyumba yake. Amenewa ndiwo alamu anga. Iwo ankanditcha shemeji, ndiko kuti mlamu m'Chiswahili, ndipo pamaso pa anthu ankati fundi, kutanthauza katswiri. Ndinalibe munda, ndinalibe wachibale, chilankhulo chawo ndinkachiyankhula mopotoka mpaka ana kumandiyeseza. Chimene chinandikhazika m'dziko la eni, n'kumapatsidwa mpando pamaliro ndi paukwati, ndi zala ziwirizo. Zimenezi sindinaziiwalepo tsiku ndi limodzi lomwe.

Alamu anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ine ndikamalalata iwo ankasenda chinangwa chachiwisi n'kumatafuna, akudikira kuti mpweya undithere. Ndinkawaseka kuti nyanja anabadwira koma amaidziwa ngati mlendo, iwo n'kumati ndi chifukwa chake Mulungu anawatumizira wolongolola wochokera kutsidya. Pagombe tinkakangana za mafuta, za amene wachedwa, za mpira wa pawailesi. Tikafika pa chirundu mikangano inkatha. Ankazimitsa injini, aliyense ankasiya kuyankhula, ngakhale kutsokomola ankadikira, mpaka ine nditanena. Kachetechete ameneyo ndinkamukonda kuposa nsomba zimene.

Matendawa anayambira kumapazi. Ndinkaponda mchenga wotentha wa masana osamva kanthu, n'kumadzitama kuti ndili ndi mapazi a msodzi weniweni. Nditayamba kuonda ndi kumwa madzi ngati ng'ombe, mkazi wanga anandikokera ku zahanati, kachipatala kathu kaja, kumene anandibaya chala n'kundiuza kuti ndi shuga. Anandipatsa mapiritsi, anandiletsa tiyi wotsekemera. Namwino ananenanso kuti dzanzi la kumapazi likhoza kufika kumanja. Ndinamuyankha kuti iye asamale za mapiritsi, za manja anga andisiyire.

Linafika patatha chaka ndi miyezi. Sindingaloze tsiku, chifukwa linabwera mozemba, koma m'mawa wina ndimaukumbukira. Nyanja inali bata, maboti onse awiri ataima pa chirundu, amuna asanu ndi anayi akundiyang'ana. Ndinatsitsa mwala. Mfundo ndinkaziwerenga ndi maso: khumi, khumi ndi zisanu, khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndinadikira kunjenjemera kuja. Zii. Zinali ngati ndagwira chingwe dzanja lili m'bulangete. Ndinakweza mwala, ndinapukuta zala pa kabudula, ndinatsitsanso. Chimodzimodzi. Mantha amene anandigwira sindinawamvepo ngakhale pa mwera waukulu. Alamu anafunsa ali m'boti linalo kuti, "Shemeji, madzi akuti chiyani?" Ndinayang'ana mitambo, ndinakumbukira mphepo ya dzulo lake, ndinati, "Apansi akupita kumwera. Tiponye chakuno." Tinapha utaka wodzaza boti, ndipo mpaka lero ndimati nsomba za tsiku limenelo ndi zimene zinandiwononga. Tikanabwerera chimanjamanja mwina ndikanaulula.

Choncho ndinayamba kungoganizira. Zaka makumi atatu si masewera. Ndinkadziwa zimene madzi ozizira apansi amakonda kuchita mwera ukaomba n'kuleka, ndi zimene amachita m'miyezi yotentha. Nthawi zambiri ndinkalasa. Nthawi zina ukonde unkabwera utapindika, wopanda kanthu, ine n'kukalipira okoka kuti achedwa. Kawiri unakodwa pang'ono n'kung'ambika m'munsi, ndipo ndinati mweza watembenuka titaponya kale. Zimachitikadi zimenezo, ndiye palibe anatsutsa. Mobisa ndinayesa zonse. Ndinayesa dzanja lamanzere, koma nalonso linali litafa. Ndinkaviika manja m'madzi ofunda tisananyamuke, ndinapaka mankhwala azitsamba amene ndinapeza kwa mayi wina wa ku Chiwanda. Ndinafika poyesa ndi mlomo: ndinkanamizira kuluma mfundo, chingwe chili pamlomo wam'munsi. Mlomo umamva ndithu, koma sudziwa tanthauzo la zimene ukumvazo. Zala ndi zimene zinaphunzira, ndipo zinapita ndi nzeru zake.

Mkazi wanga anaona. Lamulungu lina ndinalimbana ndi mabatani a shati mpaka belu la tchalitchi linalira kachiwiri. Iye anabwera, anandimangira limodzilimodzi, kenaka anafunsa kuti, "Nanga akaka mwawauza?" Ankanena alamu, poti kuno mchimwene amati kaka. Ndinati ndiwauze chiyani, mabatani a masiku ano ndi ang'onoang'ono. Anati ukonde uja ndiwo moyo wonse wa akaka ake. Ndinamukalipira kuti nkhani za panyanja si za munthu amene madzi amawadziwira pochapa. Sanabwerezenso. Ankanena zoona: chilimira chija alamu anachimanga chidutswachidutswa kwa zaka zambiri, ndipo pa msinkhu wawo sakanatha kuyambanso china.

Chaka chomwecho kunabwera anthu atatu a kusukulu yaukachenjede, amuna awiri ndi mayi mmodzi amene anali mkulu wawo. Ankayeza kayendedwe ka madzi m'malo osiyanasiyana a nyanja, ndipo atafunsa pagombe za munthu wodziwa chirundu, aliyense analoza ine. Anabwereka boti la alamu masiku atatu. Makina awo anali ngati ndowa yachikasu yotsekedwa, yomangidwa ku chingwe chochindikala. Akawatsitsa, pa kompyuta pankaoneka timivi, kamuvi kalikonse kakuloza kumene madzi a pamlingo wake akupita. Ndinaima kumbuyo kwa mayiyo n'kumayang'ana. Zonse zimene ndinakhala ndikuzimva pakhungu moyo wanga wonse zinali pamenepo poyera, zojambulidwa, ngakhale pamene madzi awiri aja amakhulana. Ndinachita nsanje, komanso ndinafuna kulira.

Mayiyo anali waulemu. Anati wamva za luso langa, ndipo akufuna ndiziyamba ine kuyeza ndi chingwe, iye alembe, kenaka atsitse makina tifananize. Ndikanakana bwanji anzanga onse ali pomwepo? Ndinatsitsa mwala, ndinatsinzina monga ndinkachitira kale, ndinati apansi akupita kumwera, mwamphamvu. Makina anati kumpoto. Anzanga anafa nalo phwete, koma ankaseka makinawo. Wina anati ndowayo yachita chizungulire ndi ulendo wa pamsewu. Tinasuntha, tinayesanso, ndinalasa. Tsiku lachiwiri ndinaphonya kawiri motsatizana. Mayiyo sanalembe msanga. Anandiyang'ana dzanja, anayang'ana kumbali, kenaka anati mwina chingwe chawo chapotana. Alamu anali pa injini. Iwo sanaseke tsiku loyamba, sanasekenso lachiwiri, ndipo ndinawaona akuyang'ana pamene mayiyo anayang'ana.

Mpata unali umenewo. Tikubwerera kumtunda ndikanakhala nawo pafupi n'kunena kuti zala zafa, basi. M'malo mwake ndinalalata ulendo wonse za anthu a mabuku amene amabwera ndi zidebe kudzaphunzitsa asodzi nyanja. Tsiku lomaliza ndinamupeza mayi uja payekha akulongedza, ndinamufunsa ngati makina otere munthu wamba angawapeze. Anapukusa mutu, anati awa okhawa akuwadikira malo ena ambiri. Anatinso, motsitsa mawu, "Mzee, mapiritsi musamadumphitse." Za matenda anga sindinamuuzepo, koma anali ataona yekha. Anapita, ndipo zimene analemba sitinazionepo.

Patangotha sabata, alamu anayamba chizolowezi chatsopano. Tikafika pa chirundu, ine ndikutsitsa mwala kutsogolo kwa boti langa, iwo ankakhala kumbuyo kwa boti linalo atatifulatira, akuwedza ndi chingwe chapamanja. Ankati akazi awo akulakalaka kampango. Ndikanena mbali yoponya, ankavomera kuti, "Sawa, shemeji," n'kuliza injini. Masiku ena tinkapita molunjika pamene ndanena. Masiku ena ankazungulira, akudandaula kuti dzuwa likuwathobwa m'maso, kapena kuti boti la anthu a ku Ngumbo latitsekera njira, ndipo pomaliza ukonde unkagwa pena. Ine ndinali wotanganidwa ndi bodza langa moti lawo sindinalione. Nsomba zinayamba kubwera bwino, ukonde sunakodwenso. Ndinayambanso kuyenda pagombe modzitukumula, mpaka ndinauza mkazi wanga kuti waona, suja unkadandaula. Kampango sanabwerepo ngakhale mmodzi, ndipo ine ndinkangowaseka alamu kuti kuwedza si kwawo.

Zinatenga miyezi inayi kapena isanu. M'mawa wina maboti athu anagundana m'mbali pamene alamu ankakulunga chingwe chawo, ndipo ndinachionera pafupi. Chinalibe mbedza. Kumapeto kwake kunali mwala, ndipo pa mkwamba uliwonse panali mfundo, zomangidwa mmene ndimamangira ine. Ndinadzutsa maso kuyang'ana anzanga. Wina anayamba kukapa madzi m'boti louma, wina anafunafuna fodya m'thumba, wina anayang'ana kumapiri. Onse ankadziwa. Miyezi yonseyi amuna asanu ndi anayi ankadikira mwaulemu kuti nkhalamba itsirize sewero lake, aivomere, kenaka ntchito yeniyeni ichitike kumbuyo kwake.

Pano ndikudziwa kuti chimenecho chinali chikondi. Munthu uja anaphunzira yekha, atakalamba kale, pongoonerera dzanja langa zaka zonsezo, ndipo anasankha kuti ulemu ukhalebe wanga. Koma tsiku limenelo chikondi sindinachione. Ndinaona kuti andisandutsa chidole. Ndinakumbukira mmene ndinkawasekera za kampango, anzanga n'kumaseka nane. Manyazi anandilowa m'mafupa, ndipo kwa ine manyazi sachedwa kusanduka ukali.  Kunyumba sindinadye.

Mawa lake mwera unayamba, ndipo unaomba masiku anayi, maboti onse ali pamtunda. Ndinakhala pakhonde osapita kugombe. Tsiku lachitatu mkazi wanga anabwera ndi lichero la mpunga, anakhala pambali panga n'kumasankha. Ndinamufunsa ngati iyenso ankadziwa.

"Ndinkadziwa," anatero, osasiya kusankha.

"Ndiye nonse mwakhala mukundiseka."

"Ndani wakusekani? Mukupita kunyanja, mukubwera, anthu akukupatsani moni monga kale, aliyense akudya. Zisiyeni choncho. Kapena pitani mukawathokoze, si patali, ndi kuseri kwa mpandaku."

Ndinati sindingathokoze munthu chifukwa chondinamiza. Iye anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa chimene akufuna kunena, kuti woyamba kunama ndani. Sananene. Anatenga lichero lake n'kulowa m'nyumba, ine ndinatsala ndikukulitsa mkwiyo.

Tsiku lachisanu kunacha bata. Msodzi aliyense amadziwa kuti mwera ukangoleka utaka umadzaza pa chirundu, choncho tinapeza maboti ambiri, a kwathu, a ku Chiwanda, a ku Ngumbo, oyandikana moti munthu akayetsemula onse amamva. Amadziwanso kuti masiku amenewo ndi pamene madzi apansi sakhulupirika. Amapita uku n'kubwerera, ngati a mumtsuko umene wangotulidwa kumene. Ndinatsitsa mwala wanga osamva chilichonse, ndinati apansi akupita kumpoto, tiponye pompano. Alamu anali kumbuyo kwa boti lawo ndi chingwe chawo chija. Anati, "Sawa, shemeji," analiza injini, n'kuyamba kuzungulira.

Ndinaimirira m'boti. Ndinafuula kuti azimitse injini. Mawu amene ndinanena ndimawakumbukira onse, ndipo ndinawanena m'Chiswahili kuti a m'maboti ena amve bwino. Ndinafunsa kuti fundi pano ndani. Ndinati ngati mawu anga asanduka achabe, anene pompano pamaso pa anthu, asamandipusitse ndi kampango wowedzedwa popanda mbedza. Ndinati sindinabwere m'dziko lino kudzasekedwa, kwathu kulipo, sitima ikangobwera ndikwera ine ndi mkazi wanga, iwo atsale ndi chirundu chawocho.

 Alamu anayankha motsitsa, moti tinamva ife a m'maboti athu okha. "Shemeji, khalani pansi. Apansi akubwerera. Tidikire pang'ono, kapena tizungulire."

"Ponyani pano," ndinatero.

"Shemeji."

"Pano. Apo ayi, nenani kuti sindine kanthu, onsewa amve."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakulunga chingwe chawo bwinobwino, anachiika pansi pa thabwa lokhalira, n'kuuza anzathu kuti, "Fundi mwamumva. Ponyani."

Palibe anasuntha mpaka anabwereza. Ukonde unatsika. Poyamba zonse zinaoneka bwino, zoyandamitsa zili ndandanda mokhota monga zimakhalira, ndipo ndinayamba kukonza mawu okanena pagombe. Kenaka zoyandamitsa za pakati zinamira, china pambuyo pa chinzake. Okoka anaima. Iwo anamva m'manja mwawo ukonde ukugwira mwala. Ine ndinagwira nawo chingwe chomwecho, koma ndinadziwira pankhope zawo. Tinayesa kubwerera m'mbuyo ndi injini, tinayesa kukokera mbali ina, maboti awiri a ku Ngumbo anabwera kudzathandiza osapemphedwa. Mweza unali utaukulunga kale pamiyala, ndipo pamenepo ndi pozama moti palibe munthu angamire n'kukamasula. Tinalimbana mpaka dzuwa linafika paliwombo. Pomaliza alamu anapempha mpeni, anadula okha. Tinabwerera ndi chingwe chapamwamba ndi kachidutswa ka mbali imodzi kosakwanira ngakhale kutchingira dimba.

Ndinkayembekeza kutukwanidwa, ndipo ndinkafuna anditukwane. Palibe anatero. Pagombe anthu ankangoti pole, kupepesa kwa kuno, kwa alamu ndi kwa ine mofanana. Anzathu anadikira milungu iwiri, kenaka mmodzimmodzi anakalowa m'maboti a ena. Ali ndi ana, sindiwaimba mlandu. Maboti athu anakhala pamchenga mpaka matabwa anayamba kulekana. Alamu anagulitsa injini, ndipo mvula isanagwe anasamukira ku Liparamba, kumapiri, kumene mwana wawo wamkulu ali ndi munda. Nyumba yawo anatisiyira kuti tiziiyang'anira. Mkazi wanga anandiphikirabe, anandichapirabe, koma mawu ake anachepa. Ine sindinakwerenso boti la munthu. Fundi wotere angamutenge ndani, ndipo kukoka ukonde ndi manja akufa sindingathe. Ntchito imene ndinapeza ndi yokhala pambali pa mathandala a amayi oyanika usipa, ndi kandodo, kuingitsa akhwangwala.

Panatha chaka ndisanalimbe mtima. Kenaka ndinakwera njinga yamoto kupita ku Liparamba. Ndinawapeza m'munda wa chimanga, akupalira. Munthu wokulira pamadzi amadziwika ndi kagwiridwe ka khasu. Ankawerama molakwika, ndipo anali ataonda. Anandilandira bwino, anafunsa za mlongo wawo, za denga la nyumba, za amene amwalira kunyanja chichokere iwo. Tinakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa munda. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa, koma chimene chinatuluka ndi funso, ndipo linatuluka mokalipa monga mwa nthawi zonse.

"Munkadziwa kuti utayika. Munaponyeranji?"

"Ndinkadziwa," anatero. "Chingwe chinkandikanikiza mosabisa."

"Nanga?"

"Munati mukwera sitima ndi mlongo wanga. Inu mukanena chinthu pamaso pa anthu simubwerera m'mbuyo, ndimakudziwani. Ndinaganiza mofulumira, ndinaona kuti ukonde ndi ulusi chabe. Tinabadwa asanu ndi awiri, tatsala awiri. Akanapita kutsidya sindikanamuonanso, ngakhale maliro ake." Anazula udzu pafupi ndi phazi lawo. "Masiku ena kuno kumandivuta, shemeji. Msana umawawa, nyanja ndimailakalaka. Koma ndikakumbukira kuti iye ali pakhomo paja, ndimati ndinasankha bwino, mtima n'kukhala pansi."

Apa ndi pamene ine, munthu amene ndinabisa choonadi pamene chikanapulumutsa ukonde, ndinaganiza kuti nthawi yonena zoona yakwana. Ndinkafuna kudzichepetsa pamaso pawo, aone kuti ndasintha. Ndinawauza kuti sindikanapita. Ku Nkhotakota makolo anga anamwalira kalekale, malo athu anagawana ena, palibe amene angandizindikire nditatsika sitima. Ndinalibe kopita, ndipo ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkafuula. Mlongo wawo sindinamufunse n'komwe, ndipo sakanavomera. Anali mawu oopsezera chabe. Akanakana kuponya, ndikanakwiya sabata imodzi, kenaka n'kubwerera m'boti.

Ndinaona nkhope yawo ikusintha ndisanamalize, koma pakamwa panga sipadziwa kuima. Nditatsiriza anayang'ana chimanga chawo chonyozoloka. Anafunsa kamodzi kokha kuti, "Simukanapita?" Ndinati ayi.

"Izi mukanazisunga, shemeji," anatero. "Za zala zija mukananena. Izi mukanazisunga."

Anadzuka atagwira bondo, anatola khasu, anabwerera pamzere umene anausiya. Ndinakhala pansi pa mtengopo ndikuyembekeza kuti atembenuka. Anapalira mzerewo mpaka kumapeto, anayamba wina. Wa njinga atabwera kudzanditenga ndinawatsanzika mokweza, iwo anakweza dzanja osadzutsa mutu. Nditafika kunyumba mkazi wanga anafunsa ngati akaka ake ali bwino. Ndinati ali bwino, akupalira. Khirisimasi yadutsa kawiri tsopano, ndipo alamu sanatsikeko kunyanja kudzaona mlongo wawo.